Gasi wa M'malasha: Tiyeze Kaye, Tiombe M'manja Pambuyo

Awa ndi mau amene mtolankhani wa nyuzipepala ino anayankhula pa msonkhano wokambirana za magetsi ndi nkhalango pa boma la Mwanza.

 Mwandipempha kuti ndiyankhulepo za gasi wa m'malasha, amene pa Chingerezi amati coal bed methane, ngati angathandize dziko lino pa mabvuto a magetsi. Yankho langa ndi lakuti angathe kutithandiza, koma tisasaine pepala liri lonse mpaka titamuyeza, ndipo zotsatira za kuyezako zitaikidwa poyera kuti m'Malawi ali yense aziwerenge.

Amene munagwirako ntchito m'migodi gasi ameneyu mukumudziwa, ngakhale kuti mumamudziwa ngati mdani. Pa 6 June 1972 mgodi wa malasha wa Wankie Number 2, ku Hwange m'dziko la Zimbabwe, unaphulika ndi kupha anthu 427, ndipo pakati pawo panali aMalawi anzathu. Mpweya umene anthu a m'migodi amauopa chotere ndiwo methane, ndipo ndi womwewo umene maiko ena akuupopa dala nkumaugulitsa.

Mmene zimakhalira ndi motere. Gasiyu amamatirira m'kati mwa malasha pansi pa nthaka, ndipo chimene chimamutsekera momwemo ndi madzi. Akatswiri amaboola chitsime chonga mjigo, chakuya mamita mazana angapo, mpaka kufika pa malasha. Akatero amapopa madzi kwa miyezi, nthawi zina kwa zaka, ndipo madziwo akachepa gasi amamasuka nakwera ndi paipi. Malashawo amatsala pansi pompo osakumbidwa. Gasiyo akayatsidwa m'makina amapanga magetsi, ndipo mpweya woipa umene amatulutsa ndi pafupifupi theka la umene malasha amatulutsa popanga magetsi ofanana.

Malasha tiri nawo. Kumpoto kuli Mchenga ndi Kaziwiziwi ku Rumphi, ndi Ngana ku Karonga. Kumunsi kwathu kuno kuli Lengwe ku Chikwawa ndi Mwabvi ku Nsanje. Miyala imene muli malasha amenewa ndi ya mtundu umodzi ndi ya ku Moatize ndi ku Hwange, imene akatswiri amaitcha Karoo. Koma tamvetsetsani apa: kukhala ndi malasha sikukhala ndi gasi wogulitsika ai. Malasha akakhala pafupi ndi pamwamba, gasi wake anathawa kale. Akakhala olimba, opanda ming'alu, gasi alimo koma satuluka. Njira yodziwira ndi imodzi yokha: kuboola, kutulutsa chidutswa cha malasha, kuchitsekera m'chitini, ndi kuyeza gasi amene akutuluka pa tani imodzi. Amene angakuuzeni za chuma cha gasi asanakuonetseni manambala amenewa akukugulitsani mphepo. Paja akulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Tsono nkhaniyi ikutikhudza bwanji ife a ku Mwanza? Ikutikhudza chifukwa mphamvu za mitundu yonse zimadutsa pakhomo pathu. Njanji imene kampani ya Vale inamanga, yochokera ku Moatize kupita ku doko la Nacala, mtunda wa makilomita 912, inatsegulidwa mu 2017 ndipo imadula m'boma lathu lino. Timaima m'mbali nkumawerenga mabogi a malasha akupita kunja. Nthambo zobweretsa magetsi kuchokera ku Matambo ku Tete kupita ku Phombeya ku Balaka anazikonzera njira kudzera konkuno. Ndipo matumba a makala amene amaphikira nsima ku Ndirande ndi ku Bangwe, ambiri amachokera ku Mwanza ndi ku Neno. Pitani ku Thambani mukaone mitengo mmene yathera. Woocha makala sindikumuweruza, pakuti ana ake ayenera kudya, koma malinga ndi kalembera wa 2018, mabanja oposa 90 pa 100 ali onse amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo nkhalango zathu ndizo zikulipira ngongole imeneyi.

Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mu January 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, dziko nkutaya mamegawati pafupifupi 130 usiku umodzi, ndipo tinakhala mu mdima wosinthanasinthana mpaka 2023. Dziko lodalira mtsinje umodzi liyenera kufunafuna gwero lina, ndipo nchifukwa chake nkhani ya gasi siyofunika kuiseka.

Komabe tiyeni tione anansi athu. Ku Lupane m'dziko la Zimbabwe gasi wa m'malasha akhala akumukamba kuyambira m'ma 1990, ndipo nduna zakhala zikusinthana pomulonjeza, koma zaka 30 zinadutsa anthu a kumeneko osaona magetsi ake. Ku Botswana kampani ya Tlou Energy inatha zaka zoposa 10 ikuboola pa Lesedi, kufupi ndi Serowe, ndipo pangano limene inapeza ndi kampani ya magetsi ya boma linali la mamegawati 10 okha. Kumene zinayenda, monga ku Queensland m'dziko la Australia kumene anayamba kutumiza gasiyu kunja ndi sitima za pamadzi mu 2015, anaboola zitsime zikwizikwi ndi kulowetsa ndalama zoposa bajeti ya dziko lathu kangapo konse. Ifenso pano tiri ndi phunziro lathu: m'zaka za m'ma 2010 tinalonjezedwa nyumba ya magetsi a malasha ya mamegawati 300 pa Kam'mwamba ku Neno, zaka khumi nkutha popanda babu ndi limodzi lomwe loyaka.

Palinso mtengo umene salemba pa zikwangwani. Madzi opopedwa m'malasha kawirikawiri amakhala amchere. Akatayidwa chisawawa amaononga dimba, ndipo kupopako kungathe kutsitsa madzi m'mijigo ya m'midzi yoyandikana. Chitsime chiri chonse chimafuna bwalo lake, msewu wake ndi paipi yake, zonsezo pa minda ya anthu. Gasi akamadontha osayaka amatenthetsa dziko koposa mpweya wotuluka pa moto ka 80 pa zaka 20. Ndipo amayi musanamizidwe: uyu si gasi uja wa m'masilinda amene mumagula ku Blantyre. Methane salola kusanduka madzi mosabvuta, choncho kuti afike ku khitchini pafunika mapaipi kapena makina odula. Ntchito yake yoyamba ingakhale magetsi. Thambani angapume pokhapokha magetsiwo atatsika mtengo kufikira mayi wa ku Bangwe ataleka mbaula.

Chimene ndikuopa kwambiri, abale anga, ndi chinsinsi. Mu 2007 boma linasaina pangano la mgodi wa Kayelekera ndi kampani ya Paladin, linatsitsa msonkho, ndipo aMalawi sanaloledwe kuliwerenga. Mu May 2014, kutatsala masiku ochepa kuti tiponye voti, mapangano a mafuta anasainidwa ndi makampani akunja mwakachetechete. Zonsezi zinachitika m'nthawi ya matipate, osati ya chipani chimodzi. Inu amene munathawa kwanu chifukwa chofunsa mafunso, kodi voti ya 1993 inali yoti tizingosintha nkhope za osaina mu mdima?

Choncho ndikupempha zinthu zinayi. Choyamba, nthambi ya boma yoona za miyala ku Zomba ipatsidwe ndalama zoboola ndi kuyeza gasi ku Lengwe, Mwabvi ndi kumpoto, kuti tikadzakhala pa tebulo ndi kampani tidzakhale tikudziwa chimene tikugulitsa. Chachiwiri, zotsatira zake zisindikizidwe, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka momwe. Chachitatu, aphungu athu aunikenso lamulo la mafuta la 1983, linene momveka za gasi wa m'malasha, za madzi, za chipukuta misozi cha minda, ndi gawo la boma limene gasiyo wapezeka. Chachinayi, pangano liri lonse lipite ku Nyumba ya Malamulo lisanasainidwe.

Chida tiri nacho kale. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Mfumu, mphunzitsi, wogulitsa manachesi pa msika wa Mwanza, ali yense angathe kulemba kalata kufunsa kuti ziphaso zofufuza malasha ndi gasi zinaperekedwa kwa yani, liti, ndi pa malo ati. Safunsa anadya phula. Tisanabalalike lero, tisankhe anthu atatu oti alembe kalata imeneyi, ndipo yankho lake, kaya kusowa kwa yankho, tidzalisindikiza m'nyuzipepala.