KUYENDA NDI LAPUTOPU PA ULENDO

Madzulo ano tikambirana za kompyuta yaing'ono ija yochedwa laputopu, imene ana a sukulu, akalaliki ndi amalonda ayenda nayo masiku ano. Mtengo wace ungapose malipiro a mwezi wathunthu, koma kuitaya sikutenga ngakhale mphindi imodzi.

Taganizani munthu wocokera ku Kitwe, amene kwao ndi ku Chibolya. Akakwera basi, kondakitala adzafuna kuika cola cace pansi pamodzi ndi matumba a cimanga ndi masutukesi. Akane mwaulemu. Kumeneko katundu apsinjana, ndipo galasi la laputopu silicedwa kusweka. Malo ace ndi pa miyendo ya mwini wace. Basi ikaima pa Kapiri Mposhi kapena pa Kabwe kuti anthu agule cakudya, atsike naco cola, asasiyire mnzace wa pa mpando amene wamdziwa tsiku lomwelo. Akulu anati, fodya wako ndiye ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo.

Asananyamuke aizimitse kotheratu. Ikangotsekedwa cabe iri yoyaka, itentha m'cola, ndipo ngati iri ya mtundu wakale, kambale kozungulira kamene kasunga zolembedwa kangaonongeke basi ikagwa m'dzenje.

Tsono wafika pa Intercity, mu mseu wa Dedan Kimathi. Kuti afike ku Chibolya ayenera kudutsa mseu wa Lumumba ndi kupyola m'khamu la ku City Market ndi ku Soweto. Apa cola cokongola ca cizindikiro ca kompyuta cingoitana mbala. Cola wamba cakale ndico cabwino, ndipo acibereke kutsogolo, osati kumbuyo. Kukada, ndi bwino kulipira takisi kapena kuitana mbale kudzamcingamira.

Mdani wina ndi mvula. Kuyambira November kufikira April madzi adzaza m'njira za ku Chibolya ndi ku Kanyama, pakuti pansi pali thanthwe ndipo malowo ndi a cidikha. Kulungani laputopu m'pulasitiki musanaiike m'cola. Ikanyowa musaiyatse ai. Pitani nayo kwa mmisiri, cifukwa magetsi akakomana ndi madzi m'kati mwace, yatha.

Koma mau akulu ndi awa. Makinawo mungagule ena. Zolemba za mayeso za mwana wanu, mabuku a malonda ndi zithunzi za banja simudzazipeza m'sitolo iri yonse. Cifukwa cace musananyamuke koperani zonsezi pa fulashi, ndi kuisunga ku nyumba kapena m'thumba lina. Tsekani laputopu ndi mau acinsinsi. Lembaninso m'buku nambala imene iri kunsi kwace, pakuti ikabedwa, nambala imeneyo pamodzi ndi lisiti ndizo zidzatsimikiza kwa apolisi kuti njanu.

Mukacita zimenezi, ngakhale acifwamba akuimikeni m'njira, simudzakhala ndi cifukwa colimbana nao. Apatseni cola, inu mupite ndi moyo, pakuti za mtengo weni-weni mwazisiya pabwino.

Muyende bwino, ndipo mugone bwino nonse.