Nyanga za Ng'ombe Zisamathere Kudzala

(Mawu amene mmodzi wa ophunzira akale analankhula pa msonkhano wa pachaka wa bungwe lathu ku Ntcheu)

Komiti inandipempha kuti ndifotokoze za ntchito yosula masupuni a nyanga, imene ndakhala ndikugwira kuyambira pamene ndinapuma pa ntchito, ndiponso ngati ingathandize ana athu amene alemba Fomu 4 koma angokhala pamudzi. Ndaona ena akumwetulira nditangotchula nyanga. Ndikudziwa, kwathu kuno mawuwa ali ndi matanthauzo awiri, ndipo munthu wosenza thumba la nyanga pa msika amayang'anidwa ndi diso lina. Zanga ndi za ng'ombe basi.

Ife a ku Ntcheu sitiyenera kudabwa ndi ntchitoyi. Angoni a kwa Maseko, anthu a Inkosi ya Makosi Gomani, anali anthu a ng'ombe, ndipo pa ng'ombe sankataya kanthu. Chikopa chinkasanduka chishango chimene timachionabe povina ngoma, nyanga inkasanduka lipenga kapena posungira fodya wa mphuno. Abale awo Azulu ankasema timasupuni ta fodya ta fupa kapena nyanga, n'kumatitsomeka m'tsitsi. Kunja nako n'chimodzimodzi. Ku Scotland masupuni a nyanga ankadyera phala, ndipo ku England kampani ya Abbeyhorn, imene inayamba mu 1749, imasulabe zinthu za nyanga, zambiri mwa nyangazo zochokera kuno ku Africa. Amagula kwa ife chimene ife timasiyira agalu.

Tsono nyanga ndi chiyani? Si fupa ayi. Ndi mtundu umodzi ndi chikhadabo kapena tsitsi, chimene a sayansi amati keratin, ndipo imakuta fupa limene lili m'kati. Ikatenthedwa imafewa ngati chikopa, ikazizira imauma m'maonekedwe amene mwaiumbira. Luso lonse lagona pamenepo.

Ntchito yoyamba ndi kuchotsa fupa lija, ndipo imeneyi ndiyo imathawitsa anyamata ambiri chifukwa cha fungo. Mumaphika nyanga m'chitini chakale kutali ndi khitchini, kenaka n'kuimenyetsa pa chipika mpaka fupa litasololoka. Ena amangozisiya panja milungu ingapo kuti mnofu wa pakati uwole, koma njira imeneyo imadanitsa ndi oyandikana nawo nyumba. Mukatsuka, ziumitseni pa mthunzi. Dzuwa la mu Okutobala limazing'amba.

Mukatero dulani nsonga ndi sowo. Nsonga ilibe mphako, musaitaye, ndi ya mabatani ndi zigwiriro za mipeni. Mbali ya mphakoyo ing'ambeni m'litali, muiwambe pa mbaula ya makala mukuitembenuza kosalekeza. Apa mpamene pafunika mphuno ndi zala, chifukwa palibe wotchi imene ingakuuzeni. Ikayamba kununkha ngati tsitsi lopserera n'kuchita matuza, mwapitiriza, ndipo idzaphwanyika. Ikafewa bwino ipanikizeni pakati pa matabwa awiri kufikira itazizira. Jambulani supuni motsata utali wa nyanga, osati mopingasa, popeza nyanga ili ndi mitsempha ngati thabwa. Mukadula, tenthetsaninso kumutu kokha n'kukanikiza m'chikombole cha mtengo wolimba monga muwanga, china chokumba, china chotundumuka. Chotsala ndi kupala ndi mpeni kapena galasi losweka, tupa, sandipepala, ndipo pomaliza kupukuta ndi phulusa losefa ndi kadontho ka mafuta ophikira. Popala mangani kansalu pamphuno. Mtundu weniweni wa nyanga umaoneka pomalizira pake, ina yakuda bii, ina yonga uchi, ina ya mawanga, ndipo simudzapeza awiri ofanana.

Ogula muziwauza zoona. Supuni ya nyanga si ya tiyi wotentha kapena yovundulira phala pa moto, chifukwa ikamva kutentha imafuna kubwerera m'mene inalili pa mutu wa ng'ombe. Ndi ya shuga, mchere, uchi ndi mazira. Azungu amaikonda pa dzira chifukwa siida monga ichitira ya siliva.

Koma a Wapampando, kusula mwana wanzeru angaphunzire pa mwezi umodzi. Chimene chimagwetsa ntchitoyi ndi kupeza nyanga, ndipo ndikufuna komiti imve bwino izi isanatulutse ndalama.

Ng'ombe yathu ya Malawi Zebu ndi yaing'ono, nyanga zake n'zazifupi. Nyanga zambiri zimene mungatole zimangokwana kasupuni ka shuga. Anzathu a ku Uganda ali ndi ng'ombe za Ankole za nyanga zazitali kuposa mkono wa munthu, n'chifukwa chake amatulutsa mbale ndi zipande zikuluzikulu. Ife tisapikisane nawo pa kukula. Nyanga zabwino kwathu kuno ndi za ng'ombe zothena zokalamba, zija zatha zaka zikukoka ngolo za mbatata ya kachewere ku Tsangano ndi ku Lizulu, komanso za ng'ombe zazikazi zazikulu. Za nkhunzi n'zonenepa koma zazifupi, za ana a ng'ombe n'zopyapyala, sizipirira moto. Ndiponso alimi oweta ng'ombe za mkaka ndi za m'makola onenepetsera amazichotsa nyanga zikadali zazing'ono, kotero ulimi ukamapita patsogolo nyanga zimachepa.

Kopeza ndi kwa opha ng'ombe: pa boma, pa Kampepuza, pa Lizulu, pa Tsangano, makamaka tsiku la msika. Vuto ndi lakuti iwo amadula nyanga ndi nkhwangwa mwachangu, n'kuzisiya zong'aluka, ndipo yong'aluka ilibe ntchito. Ine ndinapangana ndi awiri kuti azidula ndi sowo pafupi ndi mutu, ndipo ndimawalipira pa nyanga yabwino iliyonse, yoipa ayi. Zaulere zimabwera zophwanyika. Nyengo ya Khirisimasi ndi pamene anthu agulitsa mbewu mpamene zimachuluka, ndiye muzisunga za chaka chonse, pamalo pouma, chifukwa tizilombo timazifumbwa. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje kuli ng'ombe zambiri ndiponso zikuluzikulu, koma kumabuka kawirikawiri matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, ndipo boma likaletsa kuyendetsa ziweto ndi zochokera ku ziweto, nyanga nazo zisayende. Funsani alangizi a ziweto musananyamule.

Zinthu zitatu musazikhudze. Nyanga ya ng'ombe yofa yokha, chifukwa anthrax imagwiranso anthu ndipo imakhalitsa m'zikopa ndi m'nyanga. Nyanga ya munthu wosadziwika wobwera usiku, chifukwa kuba ng'ombe kwatha makola ambiri ndipo apolisi sadzamva zoti inu mumangosula masupuni. Chachitatu ndi cha nyama ya kutchire. Malonda a minyanga ya njovu pakati pa maiko analetsedwa mu 1989, ndipo lamulo lathu la nyama za kutchire, m'mene linakonzedwera mu 2017, limafika pa zaka 30 m'ndende.

Msika ulipo koma si waukulu, ndipo sindikulonjeza mwana aliyense galimoto. Msewu wa M1 umadutsa pakhomo pathu, ogulitsa ziboliboli ku Lilongwe ndi ku Blantyre amafuna katundu wachilendo, ndipo pa Umhlangano ku Nkolimbo pamasonkhana anthu amene amanyadira chinthu cha ng'ombe.

Pempho langa ku bungwe ndi ili: tigule masowo awiri, matupa, sandipepala ndi chopanira chimodzi, ndipo a Hedimasitala atibwereke kakhonde kuseri kwa sukulu, kumene mphepo sipita ku makalasi. Tiyambe ndi ana anayi okha, anyamata awiri ndi atsikana awiri, popeza nyanga zimene ndikutha kupeza sizingakwanire oposa pamenepo. Ine ndidzabwera Loweruka lililonse osalipidwa. Masupuni ndi zikombole ndaziyala pa tebulo la pakhomo, mugwire ndi manja potuluka.