Kukonza Nyumba Mvula Isanagwe



Mutu umene ndapatsidwa ena angauyese wopepuka pa tsiku la ng'oma ndi magule ngati lino, pakuti ndi wa kasamalidwe ka nyumba. Ine ndine mphunzitsi wa kusekondale. Zimene ndinene pano ndazitola kwa akalipentala, omanga ndi akuluakulu odziwa kufolera, ndipo ndiyesa kuyang'ana nyumba ndi maso awo. Miyambo yathu ikuluikulu imagwa m'chilimwe, zokolola zili m'nkhokwe, khasu litapachikidwa, udzu utauma. Nyengo imene makolo ankavinayi ndi yomwenso ankakwera padenga. Pofika Novembala, mitambo itayamba kusonkhana, nyumba yosakonzedwa inali chitonzo kwa mwini wake, makamaka kwa mkamwini, amene apongozi ankamuyeza poona denga ndi nkhokwe yake asanamve n'komwe kukoma kwa pakamwa pake.

Mmisiri weniweni akafika pakhomo sayamba ndi kuyamikira utoto. Amazungulira nyumba maso ali pansi, kuyang'ana m'tsinde mwa khoma, chifukwa nyumba zambiri zimafera kumapazi. Madzi otsika padenga akagwa pafupi ndi khoma amathovukira pakhomapo, ena n'kulowa pansi pa maziko. Njerwa, kaya ndi yootcha kaya ndi chidina, imamwa madziwo n'kuwakweza pang'onopang'ono monga chingwe cha nyali chimakokera mafuta. Mukaona pulasitala akufufuma m'munsi mwa khoma, kapena ufa woyera ngati mchere ukutuluka pa njerwa, dziwani kuti khomalo likumwa. Mvula ikagwa masiku angapo osalekeza, dothi logwira njerwa limasanduka phala, ndipo khoma limagona, kawirikawiri usiku ana ali m'tulo. Amene anaona zimene namondwe wa Freddy anachita m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, kapena wa Ana mu Januwale 2022, safuna kuuzidwa zimenezi. Zoona, madzi ndi matope otsika m'mapiri palibe khoma likanawaletsa. Koma kunalinso nyumba zochuluka kutali ndi mitsinje zimene zinagwa kamba kongonyowa.

Makolo athu mdani ameneyu ankamudziwa, n'chifukwa chake ankamanga khonde. Ife lero khonde timaliona ngati malo ochezera ndi osenderapo mtedza, koma ntchito yake yoyamba inali kuteteza khoma. Denga linkatuluka kutali, litatsamira pa nsanamira, kuti madzi agwere patali, ndipo chiunda cha dothi chozungulira nyumba chinkakwezedwa kuti madzi oyenda pabwalo asafike m'tsinde. Amayi akamazira chaka ndi chaka, kupaka mtsiro ndi kusalaza ndi nkhulungo, sankangokongoletsa. Ankatseka ming'alu imene madzi ndi chiswe zikanadzeramo, ndipo dzanja lozira linkazindikira msanga pamene pafewa. Tsono taonani nyumba zathu zamakono: pofuna kupulumutsa malata awiri kapena atatu, timadula denga kuti lithere pakhoma penipeni, kenaka n'kumadabwa kuti khoma likusungunuka. Ngati nyumba yanu ili yotere, kwezani chiunda kuzungulira nyumba yonse, chotsetserekera kunja, ndipo kumbani ngalande kumtunda kwa nyumba yopatutsa madzi. Imeneyi ndi ntchito ya khasu ya tsiku limodzi, yosalira ndalama.

Tikwere padenga. Denga la udzu limakhalitsa likakhala lotsetsereka kwambiri ndi lokhuthala, udzu wake utamwetedwa wokhwima m'miyezi ya Juni ndi Julayi, utapesedwa, n'kuyalidwa kuyambira m'munsi kukwera kumtunda kuti mzere uliwonse uphimbe unzake. Masiku ano tapeza njira yachidule: timayala pepala la pulasitiki lakuda, pamwamba n'kumwazapo udzu wochepa ngati tikuphimba nazale ya fodya. Pepala lili ndi ntchito yake, sindilinyoza. Koma udzu ukachepa dzuwa limalipeza pepalalo n'kuliwaula mpaka kuthetheka, ndipo mvula yachiwiri imakupezani mukusuntha mphasa pakati pa usiku. Udzu wabwino nawonso ukusowa, chifukwa moto wa osaka mbewa umautha anthu asanamwete. Pamenepa, mafumu athu, mawu anu ndi amene angathandize kuposa a mmisiri aliyense, pakuti lamulo la m'mudzi loletsa kutentha tchire udzu usanamwetedwe limafolera nyumba zambiri nthawi imodzi.

Malata ali ndi malamulo akeake, ndipo ndi ochepa. Pogula, kumbukirani kuti nambala ya geji ikakhala yaing'ono lata limakhala lokhuthala: la 28 ndi lolimba kuposa la 32, ngakhale ogulitsa ena sangakuuzeni. Msomali umakhomedwa pamsana pa lata, osati m'ngalande moyenda madzi, ndipo ukhale msomali wa malata wokhala ndi chipewa chake. Msomali ukasukusika usangomenyedwanso pomwepo, chifukwa thabwa la pansi lataya kale mphamvu yogwira. Uzulidwe, pakhomedwe wina wokulirapo. Chachikulu koposa n'chakuti mphepo siyamba kusasula denga pakati. Imalowa m'mphepete ndi m'makona, n'kulinyamula ngati chivundikiro cha mphika. Choncho m'mphepete ndimo mofunika misomali yoyandikana, ndipo mitengo ya denga imangidwe ku khoma ndi waya wolimba wolowa mizere ingapo ya njerwa. Miyala, matayala akutha ndi njerwa zimene timasanjika pamwamba pa malata ndi umboni woti denga silinamangidwe, ndipo tsiku la mkuntho zimasanduka zida zogwera anthu. Sukulu zambiri zimene denga lake linauluka, ukafunsitsa umapeza kuti panalibe waya wogwira.

Mdani wachiwiri ndi chiswe. Chiswe sichikonda kuwala, motero chimamanga kanjira ka dothi kokwera khoma kulunjika ku mapaso. Kanjirako mukakaona, kagumuleni tsiku lomwelo ndipo katsatireni kumene kachokera. Gogodani mafelemu a zitseko ndi mitengo ya denga ndi chipango cha mpeni: mtengo wamoyo umalira mogwira, wodyedwa umalira ngati ng'oma yobooka, ngakhale kunja ukuoneka wosalala. Akale ankasankha mitengo imene chiswe chimaiopa, monga muwanga ndi mlombwa, ndipo matabwa a mkungudza wa m'phiri la Mulanje anatchuka pa chifukwa chomwecho, kufikira mtengowo unatsala pang'ono kutheratu. Ife tatsala ndi bulugama ndi paini, zimene kwa chiswe ndi ndiwo. Mitengo yotere isakhudze dothi, ipakidwe mankhwala oteteza matabwa isanakwere padenga, makamaka kumapeto kumene yadulidwa, ndipo nkhuni ndi mapesi zisaunjikidwe motsamira khoma.

Za ming'alu ndinene mwachidule. Timing'alu tating'ono ta pa pulasitala si toopsa. Woopsa ndi mng'alu wotsata mizere ya njerwa mopingasa ngati makwerero, kapena wochokera pa kona ya zenera, umene ukukula. Lembani ndi pensulo pamene wathera, lembaninso tsiku, mudzaonenso pakatha mwezi. Ngati wapitirira chizindikirocho, vuto lili ku maziko, ndipo kumata pamwamba n'kudzinamiza, itanani womanga. Simenti nayo ili ndi khalidwe limene ambiri salidziwa: imalimba ndi madzi, osati ndi dzuwa. Pamene mwakonza pazithiridwa madzi kwa sabata yathunthu. Mchenga ukhale wotsukika wa kumtsinje, wopanda dothi, ndipo thumba la makilogalamu 50 lisakakamizidwe kugwira ntchito ya matumba awiri.

Pali kanyumba kamene sititchula pa msonkhano waulemu, koma mundikhululukire, mafumu, ndikatchula. Chimbudzi ndicho chimayamba kugwa mvula ikabwera, chifukwa mitengo yoyala pa dzenje imawola mobisika ndipo nthawi zambiri sitichifolera n'komwe. Chikagwa, banja limabwerera kutchire nthawi imene madzi akuyenda paliponse, ndipo tonse tikukumbukira mmene kolera inatipwetekera m'zaka za 2022 ndi 2023. Chiponderezeni ndi phazi chilimwe chino, muone ngati pansi pakunjenjemera. Chifolereni, ndipo madzi a pabwalo asalunjike ku dzenje.

Zing'onozing'ono za m'nyumba za m'tauni mwini nyumba angathe kuzichita yekha. Mpopi wodontha nthawi zambiri umangofuna kamphira katsopano ka mkati, mutayamba mwatseka madzi pa mita. Chitseko chimene chikukanika m'dzinja chatupa ndi chinyezi. Musafulumire kuchipala kwambiri, chifukwa chilimwe chikadza chidzabwerera n'kusiya mpata wolowera njoka. Yambani mwamanga zomangira za mahinjesi, ndipo pakani utoto m'mphepete mwake, pamwamba ndi pansi pomwe, pamene opaka ambiri amadumpha. Koma mawaya a magetsi si malo ophunzirirapo. Soketi ikada kapena ikamanunkha kupserera, zimitsani pa bokosi lalikulu, muitane wamagetsi wokhala ndi chiphaso.

Amisiri anandipempha kuti ndiwanenere dandaulo limodzi. Akuti timawaitana mochedwa, mvula itayamba, pamene denga likuterera ndipo simenti singaume bwino, kenaka timakangana nawo pa mtengo ngati kuti ndiwo abweretsa mvulayo. Akutinso timagula zipangizo zotsika mtengo iwo asanaone ntchito, zikalephera mlandu n'kukhala wawo. Nawonso amisiri ena ali ndi mbiri yolandira ndalama yoyamba n'kusowa, zimenezo tisabise. Mgwirizano ukhale womveka pamaso pa mboni, ndipo malipiro azitsata ntchito imene yaoneka.

Kale kufolera sikunali kwa munthu mmodzi. Mwini nyumba ankafulula mowa kapena thobwa, abale ndi anansi n'kusonkhana, amuna padenga, amayi akutunga madzi ndi kuponda dothi. Mwambi uja wakuti mutu umodzi susenza denga unabadwira pa ntchito yeniyeni, pamene anthu ankanyamula denga lomangira pansi kukaliika pa nyumba kapena pa nkhokwe. Pa ntchito yotere ndi pamene mnyamata ankaphunzira kusenda luzi, kumanga mfundo yosamasuka ndi kuyala udzu, ndipo nyumba ya agogo ndi ya mayi wamasiye sizinkatsala. Ana amene ndimaphunzitsa amatha kuwerengera kukula kwa denga papepala, koma ambiri sanagwirepo hamala. Pempho langa kwa mafumu ndi lakuti mudzi uliwonse usankhe masiku awiri mu Okutobala, anyamata ayende ndi akuluakulu odziwa ntchito, ayambire pa nyumba za okalamba ndi za ana amasiye, aone denga, chiunda, ngalande ndi chimbudzi.