Mulungu Sanyansidwa ndi Mtima Wotopa



Mau oyamba a Lamulungu lino achokera m'buku loyamba la Mafumu, mutu 19. Tikumana ndi mneneri Eliya ali pansi pa kamtengo m'chipululu. Uyu ndi munthu yemwe uja adagonjetsa aneneri a Baala 450 pa phiri la Karimele. Koma Yezebele atamuopseza, adathaŵa, nasiya mtumiki wake ku Beereseba, nayenda yekha tsiku lathunthu. Tsono adakhala pansi, napempha Mulungu kuti amchotse moyo, poti adadziwona kuti ndi wachabechabe.

Tiyeni tipenyetsetse zimene Mulungu adachita. Sadamdzudzule kuti alibe chikhulupiriro. Adamleka kuti agone. Adatuma mngelo kuti amkhudze, ampatse mkate ndi madzi, osati kamodzi koma kaŵiri. Atapeza mphamvu, Eliya adayenda masiku 40 mpaka ku phiri la Horebu, ndipo kumeneko Mulungu adamvetsera madandaulo ake onse. Pambuyo pake adamuuza kuti sali yekha, popeza alipo anthu 7,000 osagwadira Baala, nampatsa Elisa kuti akhale mnzake pa ntchito. Tulo, chakudya, khutu lomvetsera ndi mnzake: ndi zinthu za masiku onse zimenezi zimene Mulungu adamdzutsa nazo mneneri wake.

Alipo Aeliya ambiri pakati pathu. Alipo bambo amene ngongole zamulanda tulo, koma sanena kanthu chifukwa adaphunzitsidwa kuti mwamuna salira. Alipo mai amene chibadwire mwana sasekanso, ndipo apongozi akuti ndi ulesi. Alipo mnyamata amene wayamba kumva mau amene ena sakuwamva, ndipo mudzi wonse waweruza kale kuti walodzedwa kapena adaphonya zizimba. Abale athu, ubongo ndi chiwalo cha thupi monga mtima kapena chiŵindi, ndipo umadwala. Munthu wodwala maganizo sali wotembereredwa, ndiponso Mulungu sadamtaye.

Ana athu masiku ano amaphunzira zambiri pa kanema, m'nyumba zoonetsera mavidiyo ndi pa lamya za m'manja. Makolo ambiri timangodandaula nazo. Komatu Msonkhano Waukulu wachiŵiri wa ku Vatican, m'chikalata chake cha Inter Mirifica cha mu 1963, udaŵerengera kanema ndi wailesi pakati pa zinthu zodabwitsa zimene nzeru za munthu zapeza mothandizidwa ndi Mulungu, nutipempha kuti tizisankha bwino zoonera. Kanema wabwino angathe kutitsekula maso kuti timuwone mnzathu amene tinkangomulambalala.

Titengeko kanema mmodzi wa ku America, wa mu 2001, wotchedwa A Beautiful Mind. Akukamba za munthu weniweni, John Nash, katswiri wa masamu amene adabadwa mu 1928. Mu 1959, ntchito yake ili pachimake, adagwidwa ndi matenda amene madokotala amaŵatcha schizophrenia. Adayamba kukhulupirira kuti pali adani obisika omtsata. Adagonekedwa m'zipatala kangapo, ntchito nkutha. Kwa zaka zambiri ankangoyendayenda pa sukulu ya ukachenjede ya Princeton, ophunzira namamuloza chala. Koma pang'onopang'ono nzeru zake zidakhazikika, ndipo mu 1994 adalandira mphotho ya Nobel.

Chimene chikutikhudza m'kanemayu si mphothoyo ai. Nchakuti pomalizira pake anthu osakhalako amene ankamuwonekera aja sadachoke. Akadalipo chapatali, koma iye wavomera kuti akudwala, ndipo waleka kuŵamvera. Amadzuka m'maŵa, napita ku ntchito yake, nabwerera kwa mkazi wake. Ambirife timapemphera kuti Mulungu atichotsere mtolo, ndipo ukapanda kuchoka timati pemphero lathu silidamveke. Paulo Woyera nayenso adapempha katatu kuti munga wa m'thupi mwake uchotsedwe, koma adalandira chaulere cha Mulungu chomthandiza kukhala nawo. Kudzilandira ndiko kuvomera dzina lenileni la vuto lathu popanda manyazi, ndi kukhulupirira kuti Mulungu akutikonda lero lino, tisanachire. Akulu adati mako ndi mako usamuwone kuchepa mwendo. Moyo umene tili nawowu, ndi zipsera zake zomwe, ndiwo umene Mulungu adatipatsa, ndipo ndi momwemo m'mene afuna kukumana nafe.

Kanema amakometsa nkhani, ndipo moyo weniweni wa banja lija udali wolimba koposa. Ukwati wao udatha mu 1963. Komabe mu 1970 mkazi uja, Alicia, adamlandiranso m'nyumba mwake kuti asasoŵe pogona. Adakwatirananso mu 2001, ndipo adafera pamodzi pa ngozi ya galimoto mu 2015. Apa tiphunzirepo kuti wosamala wodwala nayenso amatopa. Tisamuweruze, koma timpeputse katundu, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Eklezia ali naye woyera amene adalaŵa zoŵaŵa zimenezi. Yohane wa Mulungu adabadwira ku Portugal mu 1495, nakhala mbusa wa nkhosa, msilikali, kenaka wogulitsa mabuku mu mzinda wa Granada ku Spain. Atamva ulaliki wa Yohane wa ku Avila, mtima wake udasweka kotero kuti anthu adamuyesa wamisala, namtsekera m'chipatala m'mene odwala otero ankamangidwa ndi kukwapulidwa. Atatuluka, adayamba kutola odwala ndi amphaŵi m'miseu, naŵasamala ngati abale ake mpaka imfa yake pa 8 March 1550. Bala lake lidasanduka chitseko cha ntchito yake. Abale a chipani chake adafika ku Mzuzu m'zaka za m'ma 1990, ndipo akuthandiza odwala maganizo kumeneko ndi ku Lilongwe. Chiliponso chipatala cha boma ku Zomba, ndiponso pa chipatala cha boma lililonse tingayambire pomwepo kufunsa chithandizo. Kumwa mankhwala sikutsutsana ndi kupemphera.

Tsono mau apadera kwa inu akatekisti ndi atsogoleri a Miphakati ndi Malimana. Munthu akakuuzani kuti watopa nawo moyo, musamseke, ndipo musafulumire kumlalikira. Khalani pansi, mumvetsereni. Mfunseni poyera ngati akuganiza zodzipha. Funsolo silimkankhira ku imfa, koma limamtsekulira pakamwa. Akavomera, musamsiye yekha. Chotsani chingwe ndi mankhwala a tizirombo ta mbeu pafupi naye, ndipo mperekezeni ku chipatala tsiku lomwelo. Ngati tsoka lagwa kale, musalisale banja loferedwalo. Katekisimu wa Eklezia Katolika wa mu 1992 amaphunzitsa kuti kudzipha nkulakwira kwambiri mphatso ya moyo, komabe kusokonezeka kwa maganizo ndi mantha aakulu zingachepetse mlandu wa munthuyo, ndipo Eklezia amaŵapempherera otero. Chiweruzo tisiyire Mulungu, ife tikakhale pa siwa.

Ndipo inu amene mwagona pansi pa kamtengo ka Eliya pa nthaŵi ino, simuli nokha. Musadikire kuti muyambe mwakhala bwino kenaka mubwere kwa Ambuye. Uzaniko munthu mmodzi lero lino. Landirani nsima imene akupatsani, gonani tulo, pitani ku chipatala, ndipo bwerani ku Ukaristia, mkate wa paulendo umene Yesu adatisiyira ife ofooka.

Tipemphere. Inu Atate achifundo, amene mudadyetsa Eliya m'chipululu, yang'anani ana anu olema mtima. Apatseni tulo, apatseni anzao oŵamvetsera, ndipo ife mutisandutse angelo onyamula mkate ndi madzi. Tikupempha mwa Khristu Ambuye athu. Amen.