Mneni wa Cisipanishi "Tener": Mau kwa Aphunzitsi

Akulu anati, "Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa." Mlendo wa lero ndiye mneni mmodzi wa Cisipanishi, cinenero ca ku Spain, Mexico, Argentina ndi maiko ena ambiri, cimene mu Africa cimveka ku Equatorial Guinea. Mneniyo ndiye tener.

Mauwa anacokera ku mau a Cilatini akuti tenere, ndiko kugwira. Cimene munthu wagwira m'dzanja ciyesedwa cace. Cotero tener atanthauza kukhala ndi kanthu. Pa nthawi yatsopano ayenda motere:

tengo, ndiri ndi
tienes, uli ndi
tiene, ali ndi
tenemos, tiri ndi
tenéis, muli ndi
tienen, ali ndi, ponena za ambiri

Apa pali zinthu zitatu zoyenera kuzipenyetsa. Coyamba, Cinyanja cisonyeza mwini nchito kumutu kwa mau, monga ndi-, u-, ti-, mu-; koma Cisipanishi cimsonyeza kumcira, monga -o, -es, -emos, -en. Cifukwa cace mau akuti yo, ndiye ine, safunika, koma potsimikiza pokha, monganso m'Cinyanja.

Caciwiri, tsinde lace, ten-, silikhala cikhalire. Mu tengo mwalowa g. Mu tienes, tiene ndi tienen, e wasanduka ie, pakuti liu litsamira pa tsindepo; mu tenemos ndi tenéis litsamira kutsogolo, ndipo e atsala monga analiri. Pa nthawi yakale tsinde lisandulikanso: tuve, ndinali ndi, tuvo, anali ndi. Za m'tsogolo ati tendré, ndidzakhala ndi.

Cacitatu ndi ulemu. Kwa mnzace munthu ati tienes, koma kwa wamkulu ati usted tiene, ngati anena za wina, monga mwana wamwambo afunsa pamaso pa mwini wace kuti, "Kodi agogo ali bwanji?"

Tsono kalumo kaja ndi aka. Mwana wa ku Madrid akamva njala ati tengo hambre, ndiko ndiri ndi njala. Atinso tengo sed, ndiri ndi ludzu; tengo miedo, ndiri ndi mantha; tengo diez años, ndiri ndi zaka 10. Cipwitikizi, cimene cimveka ku Tete, citeronso: tenho fome. Koma Cingelezi pa zonsezi cipatuka, nicigwiritsa nchito mneni wina, monga mu I am hungry.

Potero mwana wa m'sukulu ya kumudzi akalemba kuti I have ten years, sanalembe za ucitsiru ai. Watsata njira ya cinenero ca amace, imene anthu mamiliyoni ambiri kutsidya kwa nyanja aitsatanso. Kumkonza kuyenera ndithu, pakuti Cingelezi sicitero. Koma mphunzitsi womseka kapena kumdzudzula pamaso pa anzace amphunzitsa bodza lakuti cinenero ca kwao n'copanda nzeru, ndipo mwana wotere atseka pakamwa. Mphunzitsi wabwino alemba ziganizo ziwirizo pa bolodi, nasonyeza pamene njira zilekana, ndipo mwana atuluka ali ndi zinenero ziwiri, wosataya cimodzi.