NDALAMA ZA ANTHU, MAKINA A ANTHU: KODI MFUNGULO ILI NDI NDANI?

Lero tikambirana za makompyuta a m'maofesi a boma. Ena anena kuti, "Ife chatikhudza n'chiyani, poti kompyuta sitinaigwirepo?" Koma maina athu ali m'menemo: kuchipatala, pa chiphaso cha unzika, pa kaundula wa mavoti ndi pa mayeso a ana athu. Ndipo makinawo amagulidwa ndi msonkho umene timapereka pogula sopo ndi shuga.

1. Pulogalamu n'chiyani?

Kompyuta payokha ndi chitsulo chabe. Imagwira ntchito potsata malangizo amene munthu analemba, ndipo malangizowo ndiwo pulogalamu. Pali mapulogalamu a mitundu iwiri. Ena ndi otsekeka: kampani imakugulitsani chilolezo chogwiritsa ntchito, koma malangizo ake imabisa. Chikaonongeka, wokonza ndi yemweyo, pa mtengo umene wanena yekha. Ena ndi aufulu: malangizo ake ali poyera.

Ganizo la mapulogalamu aufulu analimbikitsa ndi Richard Stallman wa ku America kuyambira mu 1983. Maufulu ake ndi anayi: kugwiritsa ntchito pulogalamu monga mufunira, kuphunzira m'mene imagwirira ntchito ndi kuisintha, kugawirako anzanu, ndiponso kugawa zimene mwakonzazo. Mu 1991 wophunzira wa ku Finland, Linus Torvalds, anayamba pulogalamu yotchedwa Linux, imene lero ili m'kati mwa mafoni a Android amene ambirife tili nawo m'thumba.

Ife othyola tiyi nkhaniyi sitingaivutikire. Dengu likafika pa sikelo timafuna kuona ndi maso athu pamene muvi waima. Sikelo yoyang'ana kwa kalaliki yekha ingakhale yolungama, koma tingadziwe bwanji? Pulogalamu yotsekeka ili ngati sikelo yotere.

2. Zimene dziko lathu laona

Mu 2013 kunaululika nkhani ya Cashgate. Mabiliyoni a makwacha anatuluka ku thumba la boma kudzera m'makina olipirira otchedwa IFMIS, ndipo ena anafafaniza zimene zinalembedwa kuti zisaoneke. Anaba ndi anthu, osati makina, koma tinaphunzira kuti makina amene amawamvetsa anthu owerengeka okha ndi malo abwino obisalamo wakuba.

Kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti inaima kwa masabata angapo. Mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo mu February chaka chimenecho kuti anthu ena alanda makinawo ndipo akufuna dipo. Ofuna kupita ku Joni kukagwira ntchito, ophunzira ndi odwala ofuna chithandizo kunja anasowa mtengo wogwira. Funso limene Amalawi ambiri anafunsa ndi ili: zitheka bwanji kuti boma likanike kutsekula nkhokwe yake yomwe? Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

3. Njira ina ilipo, ndipo taiyesa kale

Mu 2001, pa chipatala chachikulu cha Lilongwe, Gerry Douglas ndi anzake anayamba kulembetsa odwala pa makompyuta ongokhudza ndi chala. Ntchitoyi inakula n'kukhala bungwe la Baobab Health Trust, ndipo achinyamata a Chimalawi ndiwo ankalemba mapulogalamu ake poyera. Kapepala komatidwa pa buku la kuchipatala, kamene ambiri olandira ma ARV akukadziwa, kanachokera kumeneko.

Mu 2008, pa chipatala cha St Gabriel ku Namitete, wophunzira wina, Josh Nesbit, anabweretsa mafoni akale okwana 100 ndi pulogalamu yaulere ya FrontlineSMS. Anthu odzipereka a m'midzi anayamba kutumiza uthenga wa odwala pa foni m'malo moyenda mitunda italiitali.

Kuyambira mu 2012 Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa ziwerengero za zipatala mu pulogalamu yaufulu ya DHIS2, imene imayang'aniridwa ndi University of Oslo ku Norway ndipo ikugwira ntchito m'maiko oposa 70. Malipoti a zipatala za m'boma lathu lino la Thyolo amalowanso m'menemo. Dziko lina likakonza penapake, maiko onse amapindula. Mutu umodzi susenza denga.

4. Tisanamizane

Mawu akuti "aufulu" sakutanthauza kuti palibe cholipira. Pafunika magetsi, makina, maphunziro ndi malipiro a akatswiri. Kusiyana kwake n'kwakuti ndalamazo zingathe kulipira ana athu ophunzira ku MUST ku Ndata, m'boma lathu lomwe lino, m'malo mopita kunja chaka ndi chaka. Ndipo boma likasemphana ndi kampani imodzi, lingathe kuitana ina osayambiranso pachiyambi.

Chachiwiri, kuika malangizo poyera sikuika chinsinsi cha wodwala poyera ayi. Aliyense angathe kuona kapangidwe ka loko, koma mfungulo ya chitseko imakhala ndi dokotala.

5. Zolembedwa nazonso zikhale zogawana

Ambirife tikukumbukira kalata ya maepiskopi ya pa 8 March 1992. Boma linailetsa ndipo nyumba yosindikizira mabuku ya ku Balaka inatenthedwa, koma anthu anaichulukitsa okha n'kumapatsirana mpaka inafika paliponse. Cholembedwa chimene anthu angathe kuchichulukitsa n'chovuta kuchitsekera.

Lero pali zilolezo za Creative Commons, zimene zinayamba mu 2002. Wolemba amanena yekha kuti ena angathe kusindikiza ndi kugawa ntchito yake, malinga atchule dzina lake. Wikipedia, imene ili ndi gawo la Chichewa, imayenda motero. African Storybook ili ndi timabuku ta ana m'Chichewa timene mphunzitsi angathe kusindikiza osapempha. Malamulo a dziko ndi zigamulo za makhoti zikupezeka ulere pa MalawiLII. Nanga bwanji mabuku a sukulu ndi a zaulimi olembedwa ndi ndalama za boma asamatuluke mwa njira yomweyi?

6. Udindo wathu

Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza zikalata za boma linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Tsono kufunsa si chipongwe, ndi ufulu wathu. Safunsa anadya phula. Tikakumana ndi khansala, phungu kapena a komiti ya chitukuko ya VDC ndi ADC, tiwafunse mwaulemu: Makina amene khonsolo yagula, mwini wa malangizo ake ndani? Kampani ikachoka, zolembedwa zathu zidzatsala m'manja mwa yani? Ndi Amalawi angati aphunzitsidwa kuwakonza?

Mafunso okambirana m'magulu

(a) Ndi m'maofesi ati a boma m'mene maina athu amasungidwa pa kompyuta?

(b) Kodi tinabwezedwapo pa ofesi chifukwa choti "makina sakugwira"? Tinataya chiyani?

(c) Ndi funso liti limene gulu lathu lidzapereke kwa khansala mwezi uno, ndipo adzapereke ndani?