Mfuti Siima Nji M'manja mwa Munthu

 Lero ndikufuna ndilankhule za masewera amene ambiri a ife sitinawaonepo ndi maso, owombera chandamale ndi mfuti ya mpweya. Mfuti imeneyi ilibe wonga ayi. Mpweya wopanikizidwa ndi umene umakankha kachipolopolo ka mtovu, kamene kukula kwake ndi mamilimita 4.5.

Ku Olympics, wowombera amaimirira mamita 10 kuchokera pa chandamale. Pakati penipeni pa chandamalecho pali kadontho ka theka la milimita. Mwandimva? Theka la milimita, ngati kadontho kamene mumaika pomaliza chiganizo m'kalata. Munthu amawombera ka 60, ali chiimire, mfuti yolemera pafupifupi makilogalamu 5 ili paphewa.

Kale amene wakhudza kadonthoko ankapeza mapointsi 10, ndipo akatswiri ena anafika pa 600, osaphonya n'kamodzi komwe. Mukuganiza kuti anawasiya apumule? Ayi ndithu. Kuyambira 2013, bungwe loyendetsa masewerawa la ISSF linayamba kugawa 10 uja tizigawotizigawo ngakhale m'ndime yoyamba ya mpikisano: 10.0, 10.1, mpaka 10.9. Tsopano mapointsi onse ndi 654, ndipo mpaka lero palibe anafikapo. Munthu atangofika pa muyeso, muyeso unasuntha.

N'chifukwa chiyani safikapo? Tamverani. Wowombera amavala jekete ndi buluku zolimba gwaa, kuti thupi lisagwedere. Amasiya kupuma kwa kanthawi pamene akulunjika. Koma mtima sangauuze kuti khala chete. Ukagunda, magazi amayenda m'mikono, ndipo nsonga ya mfuti imanjenjemera pang'ono. Ngakhale mfutiyo aimange pa chitsulo popanda dzanja la munthu, tizipolopolo timasiyanabe pang'ono pofika, chifukwa sitifanana ndendende pochoka ku fakitale. N'chifukwa chake akatswiri amayesa mitundu yambiri ya zipolopolo kuti apeze zogwirizana ndi mfuti yawo. Amachepetsa kuphonya, koma kukuthetseratu sangathe.

Apa ndi pamene pagona nkhani, m'bale wanga. Wophunzira amafuna mfuti iime nji asanawombe. Amadikira, amadikira. Mkono umatopa, diso limayamba chizirezire, mpweya umamuthera, kenako amakoka chala mwamantha, chipolopolo n'kupita kutali. Wafuna zangwiro, wataya ndi zabwino zomwe. Aphunzitsi amati vomereza kugwedera kumene kulipo, finya chala pang'onopang'ono m'kati mwa kugwederako. Ukaona kuti wachedwa, tsitsa mfuti, puma, uyambirenso. Ukawomba, chimenecho chapita. Amene akulirabe chipolopolo cha 12 amawononga cha 13.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu simunagwirepo mfuti, koma mwaimirira chimodzimodzi. Mayi, mwakhala zaka mukufuna kupepesana ndi mchemwali wanu, koma mukudikira mawu abwino opanda chilema. Achimwene, mukudikira ndalama zikwanire ndendende kuti muyambe kabizinesi. Mnyamata, unalephera phunziro limodzi, ndiye wataya makope onse. Mkono ukutopa, ndipo nthawi ikupita. Ngakhale pa mpikisano uja nthawi ndi yowerengeka: zipolopolo 60 zithe m'mphindi 75. Chimene sunawombe amachiwerengera ziro.

Musandimve molakwika. Sindikunena kuti tiziwombera chisawawa. Abhinav Bindra wa ku India anaphunzira zaka zambiri asanapate mendulo ya golide ku Beijing mu 2008. Ku Rio de Janeiro mu 2016, munthu yemweyo anathera pa nambala 4, mendulo itamupulumuka pang'onong'ono. Khama ndi lofunika, koma khama silichotsa umunthu.

Kawerengeni Oweruza 20:16. Mupeza amuna 700 amanzere a fuko la Benjamini, odziwa kuponya mwala pa tsitsi osaphonya. Mawu a Chiheberi otanthauza kuphonya pamenepo ndi omwewo amene amatanthauza kuchimwa. Werenganibe mpaka kumapeto kwa mutuwo, muona kuti luso lonselo silinawapulumutse pa nkhondo ija.

Tsono lunjikani bwino, ndi mtima wonse. Dzanja likanjenjemera musadabwe, ndi chizindikiro chakuti muli moyo. Chimene mwakhala mukuchidikirira chija, kachichiteni sabata ino. Pamene mupelewere, chisomo chilipo. Ambuye akudalitseni. Amen.